Fumbi ndi Injini ya Dizilo: Kudziwa Nthawi Yosintha Sefa ya Mpweya

Mvula ikatha ndipo maudzu akayamba kuuma, anthu okhala m'mbali mwa mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe amaona magalimoto acilendo alikudutsa. Awa ndi magalimoto a alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa, ndipo ena mwa iwo ndi nyumba zeni-zeni zoyenda pa mawilo. M'kati mwake muli mabedi, malo ophikira, thanki ya madzi ndi makabati osungiramo zakudya, kotero kuti eni ake amagona momwemo pali ponse pamene dzuwa lawalowera. Pa Cingelezi dzina la galimoto yotere ndi motorhome.

Kwao kweni-kweni kwa magalimoto amenewa ndi ku America ndi ku Ulaya. Ku America ambiri amapangidwa m'dera la Elkhart, m'cigawo ca Indiana, ndipo akulu-akulu ake amatalika mamita 12 kapena kuposerapo, monga basi ya ulendo wautali. Injini ya magalimoto akuluwo ndi ya dizilo, yoikidwa kumbuyo, kufupi ndi pamene mawilo amautsa fumbi. Cifukwa ca ici eni ake amakangana kawiri-kawiri pa funso limodzi: kodi sefa ya mpweya iyenera kusinthidwa liti? Ena amaisintha caka ciri conse. Ena amayembekeza kufikira galimoto italephera kukwera phiri. Enanso amaitulutsa sabata iri yonse kuti aikunthe.

Funsoli silikhudza anthu a kutsidya kwa nyanja okha. Injini imene imakankha nyumba yoyendayo imapuma mofanana ndi injini ya cigayo ca pamudzi, ya thirakita ya kalabu ya alimi, ya pampu ya kudimba, ndiponso ya lole imene imatuta cimanga kupita kumsika. Yankho lake ndi limodzi pa makina onsewa. Sefa siyesedwa ndi maso. Imayesedwa ndi kubvutika kwa injini pokoka mpweya, ndiponso ndi zaka zimene sefayo yakhala pamalo pake. Munthu amene acedwa kuisintha amataya mphamvu ndi mafuta, koma amene aigwira-gwira popanda cifukwa akhoza kutaya injini yonse.

Injini imadya mpweya wambiri kuposa mafuta

Injini ya dizilo inatenga dzina lake kwa Rudolf Diesel, katswiri wa ku Germany, amene injini yake yoyamba kugwira nchito bwino inayesedwa mu mzinda wa Augsburg m'caka ca 1897. Injini imeneyi iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni imakoka mpweya ndi kuupanikiza kolimba kufikira utatentha koposa madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Motero mpweya ndiwo moyo wa injini yotere.

Kuti lita imodzi ya dizilo ipse yonse pamafunika mpweya wokwana malita ngati 10,000, ndiwo madiramu 50 a malita 200 liri lonse. Kunena zoona injini ya dizilo imakoka woposa pamenepo, pakuti imagwira bwino nchito pamene mpweya uli wotsalako. Injini ya Cummins ya malita 8.9, imene imapezeka m'magalimoto ambiri a nyumba ku America, ikamazungulira ka 2,000 pa miniti imodzi ikadakoka mpweya wa malita pafupi-fupi 8,900 pa minitiyo ngakhale popanda cothandizira. Koma injiniyo iri ndi turbo, cipangizo cokankhira mpweya woonjezera m'masilinda, cotero imameza woculuka koposa. Mpweya wonsewo uyenera kulowera pa khomo limodzi, ndipo mlonda wa pa khomopo ndiye sefa.

Zimene fumbi limacita

Fumbi la mumseu ndi la m'munda liri ndi timcenga ting'ono-ting'ono tolimba kuposa citsulo ca m'injini. Timcengati tikalowa m'silinda timasakanizika ndi oilo, ndipo oilo amene nchito yake ndi kuteteza citsulo amasanduka cinthu conolera. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, khoma la silinda ndi mphete za pisitoni zimapalika pang'ono-pang'ono, monga momwe mphero imakumbikira ndi kupera kwa tsiku ndi tsiku. Pa injini ya turbo fumbi limayamba ndi kudya timapiko ta turbo, timene timazungulira koposa ka 100,000 pa miniti imodzi.

Zotsatira zake sizioneka tsiku lomwelo. Patapita nthawi injini imayamba kudya oilo, utsi umatuluka wobiriwira, kulira m'mawa kumabvuta, ndipo mphamvu imacepa. Pamenepo kusintha sefa sikuthandizanso kanthu, pakuti citsulo cimene cadyeka sicimera. Cotsala ndi kumasula injini yonse ndi kugula mphete, mapisitoni ndi masilinda atsopano, pa mtengo woposa kutali-tali mtengo wa sefa. Kwa mlendo wa galimoto ya nyumba zimenezi zitanthauza ulendo wothera panjira. Kwa banja limene limadalira cigayo kapena thirakita zitanthauza masabata opanda ndalama, ndipo kawiri-kawiri bvutoli limagwa pa nthawi imene nchito yaculuka.

Bvuto limeneli ndi lakale monga thirakita yomwe. M'caka ca 1915 munthu wina wogulitsa mathirakita ku America, dzina lake Frank Donaldson, anapita kwa mlimi wa m'cigawo ca Utah amene thirakita yake inali kufa kawiri-kawiri m'munda wa fumbi. Iye anazindikira kuti fumbi ndilo linali kupha injiniyo, ndipo anapanga sefa ndi waya ndi nsaru yofewa, naiika pa khomo lolowera mpweya. Kampani imene inayamba ndi nzeru imeneyo imadziwika ndi dzina lake la Donaldson, ndipo masefa ake amapezeka pa makina m'maiko ambiri.

Maso amanyenga

Sefa ya masiku ano ndi pepala lolimba lopindidwa-pindidwa, lomatidwa ndi guluu kunsonga zonse ziwiri, ndipo liri ndi mphira wotseka kuti mpweya usadutse m'mbali. Pepalalo liri ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene timalola mpweya kupita koma timatsekereza fumbi. Sefa yabwino imagwira fumbi loposa magawo 99 pa 100 ali onse.

Cimene anthu ambiri sadziwa ndi cakuti sefa imene yagwirako nchito imasefa bwino kuposa yatsopano. Fumbi loyamba kumamatira pa pepala limacepetsa timabowo tija, ndipo ilo lomwe limakhala sefa yaciwiri yogwira fumbi losalala kwambiri. Motero sefa yooneka yofiira ndi dothi ikhoza kukhala kuti idakali ndi moyo wautali, ndipo kuitaya ndiko kutaya ndalama cabe. Kumbali ina sefa yoyera bwino ikhoza kukhala ndi kabowo konga ka singano, kapena mphira wake ukhoza kukhala wouma, ndipo fumbi lirikulowa mwaufulu. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Palinso ngozi ina. Nthawi iri yonse imene munthu atsegula cigubu ca sefa kuti angoyang'ana, fumbi lokhala m'mbali limagumukira ku mbali yoyera, kumene kulibenso coliletsa kufika m'injini. Mphira wotsekera nawonso umafooka ukamazulidwa ndi kubwezeredwa kawiri-kawiri. Ndico cifukwa cake opanga masefa amacenjeza kuti kusamala kopitirira muyeso kumaononga injini monga momwe kunyalanyaza kumacitira.

Ciwerengero ca makilomita naco sicikwanira pa cokha. Galimoto ikhoza kuyenda makilomita oposa 500 pa tara kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata, sefa yake osasintha kweni-kweni. Galimoto yomweyo ikatsatira lole ina kwa tsiku limodzi pa mseu wa dothi m'mwezi wa Seputembala, ikhoza kumeza fumbi loposa la ulendo wonse uja.

Geji ndiyo imanena zoona

Pa magalimoto akulu a nyumba, pa malole ndi pa mathirakita ambiri pali kageji kakang'ono kolumikizidwa ku paipi imene iri pakati pa sefa ndi injini. Nchito yake ndi kuyesa mphamvu imene injini ikukokera mpweya. Sefa ikamadzala ndi fumbi injini imakoka mobvutikira, monga munthu wa cimfine amene mphuno zatseka, ndipo kubvutika kumeneko ndiko kumene geji imaonetsa.

Muyeso wake ndi mainchi a madzi. Tanthauzo lake ndi losabvuta. Munthu akaika kapaipi m'ndowa ya madzi nayamwa, madzi amakwera m'kapaipimo molingana ndi mphamvu ya kuyamwa kwake. Injini imene ikukoka ndi mphamvu yokweza madzi mainchi 25, ndiwo masentimita 63 ndi theka, yafika pa malire amene kampani ya Cummins inaika pa mainjini ake a turbo. Pa mainjini opanda turbo malire amakhala ocepera, kawiri-kawiri mainchi 20. Buku la injini iri yonse limachula malire ake, ndipo ndilo liyenera kutsatidwa.

Mageji ali a mitundu itatu. Mtundu woyamba uli ngati kabotolo kooneka m'kati, kolembedwa manambala, ndipo muli kacizindikiro kacikasu kamene kamasuntha pang'ono-pang'ono kufikira katafika pa mzere wofiira. Mtundu waciwiri ulibe manambala. Umangoonetsa cofiira pamene malire akwana. Mtundu wacitatu ndi nyale imene imayaka patsogolo pa dalaivala. Mtundu woyamba ndiwo wothandiza kwambiri pa ulendo wautali, pakuti umaonetsa mtunda umene watsala sefa isanathe.

Kacizindikiroko kamakhazikika pamene kanafika pa nthawi imene injini inakoka mwamphamvu koposa, ndipo sikabwerera ngakhale injini itazimitsidwa. Ici cimathandiza kuti dalaivala awerenge geji galimoto itaima. Koma injini ya turbo imakoka mpweya wonse pokha-pokha ikakhala pa nchito yolemetsa. Kuiliza galimoto itangoima pabwalo sikupereka yankho loona. Yankho loona limapezeka pambuyo pokwera citunda ndi katundu, monga zitunda za pafupi ndi mlatho wa Luangwa, kapena pambuyo pakuti thirakita yakoka khasu m'munda wouma.

Mwini makina wanzeru amalemba m'kabuku nambala imene geji yaonetsa sefa iri yatsopano, pakuti ngakhale sefa yatsopano imabweza mpweya pang'ono, maka-maka pa galimoto ya nyumba imene mapaipi ake ndi atali ndi okhota-khota. Pambuyo pake amayang'ana geji nthawi iri yonse pothira mafuta. Ikafika pofiira amadina batani lake kuti ibwerere poyambira, nayendetsanso makinawo pa nchito yolemetsa. Ikabwereranso pofiira, nthawi yosintha sefa yakwana. Kuyesa kaciwiriku ndi kofunika cifukwa pepala likanyowa ndi mvula geji imakwera kwa kanthawi.

Geji yomwe siisuntha konse iyenera kukaikiridwa. Ngati makina agwira nchito m'fumbi miyezi yambiri koma nambala siikwera, kapena ngati nambala yatsika yokha popanda munthu kudina batani kapena kusintha kanthu, pali zinthu ziwiri zotheka. Mwina geji kapena kapaipi kake kaonongeka, kapena sefa yang'ambika ndipo mpweya wapeza njira yacidule. Cinthu caciwirici ndico coopsya, ndipo makanika ayenera kuona msanga injini isanagwirenso nchito.

Zaka nazo zimawerengedwa

Magalimoto a nyumba ali ndi bvuto lao-lao, lakuti amakhala ongoima miyezi yambiri pa caka. Sefa yake ikhoza kutha zaka zambiri geji isanafike pofiira. Komatu pepala ndi guluu zimakalamba. Cinyezi ca nyengo ya mvula cimafewetsa pepala, kutentha kumaumitsa mphira, ndipo guluu amayamba kumatuka. Tsiku lina injini ikakoka mwamphamvu pa citunda pepala lofookalo limang'ambika, ndipo fumbi lonse limene linasonkhana zaka zija limalowa nthawi imodzi. Ndico cifukwa cake eni magalimoto otere ku America amalangizidwa kawiri-kawiri kusintha sefa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale geji idakali kutali ndi mzere wofiira. Pa makina ogwira nchito yolemetsa malire amakhala aafupi. Mabuku a kampani ya Caterpillar amati sefa yaikulu isinthidwe kamodzi pa caka ngakhale ioneke bwino.

Makina a kumudzi nawo amadziwa kuima. Thirakita imalima pa ciyambi ca dzinja, nikhala pansi pa mtengo miyezi yambiri. Makina opukusira cimanga amagwira nchito pa nthawi yokolola yokha. Ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo m'cigubu ca sefa mumalowa makoswe, mabvu ndi nyerere. Khoswe amakonda pepala la sefa pomanga cisa cake. Motero makina amene aima nthawi yaitali ayenera kuonedwa asanalizidwe, ndipo iyi ndi imodzi mwa nthawi zocepa zimene kutsegula cigubu kuli koyenera. Sefa yodyedwa ndi makoswe, yonyowa, yothimbirira ndi oilo kapena yopindika iyenera kucotsedwa pomwepo, popanda kufunsa geji.

Pamene palibe geji

Makina ambiri akale alibe geji. Geji si cinthu cokwera mtengo poyerekeza ndi injini, ndipo makanika wodziwa nchito akhoza kuiika pa paipi yolowera mpweya. Kufikira itaikidwa, mwini makina ayenera kutsata maola kapena makilomita ochulidwa m'buku la makinawo, ndi kufupikitsa nthawiyo m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa.

Injini nayo imadandaula. Sefa ikatseka, injini yakale imatulutsa utsi wakuda ikapatsidwa nchito, cifukwa dizilo alikulowa wambiri koma mpweya womutentha ndi wocepa. Lole imafuna giya yotsika pa citunda cimene kale inali kukwera mosabvuta. Cigayo cimatsamwa ndi cimanga cimene cinali kugaya bwino, ndipo mafuta amatha msanga. Mainjini atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta amacepetsa okha dizilo mpweya ukacepa, cotero utsi wakuda suoneka kweni-kweni; cimene dalaivala amamva ndi kufooka cabe. Zizindikiro zimenezi zikhoza kucokeranso ku sefa ya mafuta kapena ku zopopera dizilo, ndipo zimaoneka mocedwa. Ndi cenjezo lotsiriza, osati nthawi yoyenera kuyembekezedwa.

Kukuntha ndi kuuzira

Cizolowezi cofala pa magalaja ndi kumidzi ndi kutulutsa sefa ndi kuimenyetsa pa tayala kapena pa mwala. Fumbi limatulukadi, ndipo wocitayo amakondwa poona mtambo wake. Koma kumenyako kumapinda citsulo ca kunsonga, kumamatula guluu ndi kung'amba pepala m'mapindo, mmene diso silifika. Kutsuka sefa ya pepala ndi madzi, petulo kapena dizilo ndi kuiononga kotheratu, pokha-pokha ngati wopanga analembapo kuti ndi yotsuka.

Pa za kuuzira ndi mpweya wa pampu opanga makina sagwirizana onse. Opanga masefa ambiri amati sefa yodzala itayidwe, isayeretsedwe. Kampani ya Caterpillar imalola kuyeretsa sefa yaikulu kosapitirira ka 6, ndi mpweya wouma wosaposa mapaundi 30 pa geji ya pampu, wouzira kucokera m'kati kupita kunja motsata mapindo. Pambuyo pake sefayo iyenera kuyesedwa m'cipinda ca mdima poika nyale m'kati mwake. Kuwala kukatulukira pa kabowo ngakhale kamodzi, sefayo yatha nchito. Munthu amene ali kutali ndi sitolo akhoza kukakamizika kuyeretsa, koma adziwe kuti sefa youziridwa siibwerera kukhala yatsopano. Kusunga sefa ina yapadera, yokulungidwa bwino pamalo ouma, ndiyo njira yoposa zonse.

Mathirakita ndi malole ambiri ali ndi masefa awiri, yaikulu kunja ndi yaing'ono m'kati mwake. Yaing'onoyo ndi mlonda wotsiriza ngati yaikulu itang'ambika. Imeneyi siyeretsedwa konse, ndipo siyenera kuzulidwa popanda cifukwa. Lamulo lofala ndi lakuti isinthidwe kamodzi pamene yaikulu yasamalidwa katatu. Ikapezeka ndi fumbi, ndi umboni wakuti yaikulu inali kudontha.

Kusintha kwake

Tsiku losintha sefa ndilo tsiku limene injini iri pa ngozi yaikulu, pakuti khomo lake limakhala lotseguka. Nchitoyi icitike injini itazimitsidwa, pamalo opanda mphepo, kutali ndi mseu ndi kabvulu-bvulu wa m'malimwe. Kunja kwa cigubu kupukutidwe coyamba. Sefa yakale izulidwe pang'ono-pang'ono osaigunditsa m'mbali. M'kati mwa cigubu mupukutidwe ndi nsaru yonyowa pang'ono, osati kuuzira, cifukwa kuuzira kumathamangitsira fumbi m'paipi ya injini.

Asanaike yatsopano, makanika aunike ndi tochi m'paipi ya ku mbali yoyera. Mukapezeka mizere ya fumbi ndiye kuti penapake padontha, ndipo malowo ayenera kupezeka. Kawiri-kawiri ndi paipi ya mphira yong'aluka kapena comangira comasuka. Sefa yabwino cotani siingathandize ngati mpweya ulikulowera kumbuyo kwake.

Sefa yatsopano ikhale ya nambala yoyenera makinawo, pakuti yosiyana pang'ono cabe mu utali siitseka. Iyang'anidwe ngati siinapindike paulendo, ndipo ikankhidwe ndi manja kufikira mphira wake utakhala bwino. Cibvundikiro sicigwiritsidwa nchito pokankhira sefa. Pa magalimoto ambiri a nyumba sefa ndi cigubu cake ndi cinthu cimodzi cimene cimasinthidwa conse, ndipo pamenepo cofunika ndi kumanga bwino mapaipi onse. Pansi pa zigubu zambiri pali kamphira konga mlomo wa bakha, kotulutsira fumbi lolemera ndi madzi. Kakauma kapena kakatayika kagulidwe kena. Potsiriza batani la geji lidinidwe, ndipo tsiku ndi maola kapena makilomita zilembedwe.

Sefa ya oilo ndi nyumba ya cigayo

Masefa a pepala asanafale, mainjini anali ndi sefa ya oilo, ndipo mathirakita akale monga Massey Ferguson 135 ndi mainjini ena a zigayo amapezeka nayo. Mpweya umatsikira pa mbale ya oilo ndi kukhota mwadzidzidzi, fumbi lolemera nkutsalira mu oiloyo, ndipo lotsala limagwidwa ndi waya wopota wonyowa ndi oilo. Sefa yotere siisinthidwa, imasamalidwa. M'nyengo ya fumbi mbale ionedwe tsiku ndi tsiku. Matope akasonkhana pansi pake ngati sentimita imodzi, kapena oilo akalimba, mbale itsukidwe ndi kuthiramo oilo wa injini woyera kufika pa mzere wolembedwa. Oilo wocepa sagwira fumbi. Wopitirira mzere amakokedwa ndi injini, ndipo injini ya dizilo ikhoza kumutentha ngati mafuta ndi kuthamanga kosalamulirika. Waya uja atsukidwe ndi parafini kapena dizilo ndi kumulola akhe kotheratu. Petulo asagwiritsidwe nchito.

Eni zigayo ali ndi mdani wina, ndiye fumbi la ufa. Ufa ndi wosalala ndipo ukakumana ndi cinyezi umamata sefa ngati phala. Njira yabwino ndi kumanga khoma pakati pa injini ndi cigayo, kapena kutulutsa paipi yolowera mpweya kunja kwa nyumba, pamwamba, kumbali yosiyana ndi kumene ufa ndi utsi zimapita, ndi kuibvundikira kuti mvula isalowe. Nzeru yomweyi ndiyo imacititsa opanga magalimoto a nyumba kuika khomo la mpweya pamwamba, kutali ndi mawilo, ndiponso alendo oyenda m'misewu ya dothi kukweza paipi kufika pa denga la galimoto. Mbale yooneka m'kati imene iri pamwamba pa paipi ya mathirakita ena imagwira fumbi lolemera lisanafike pa sefa, ndipo iyenera kukhuthulidwa isanadzale kufika pa mzere wake.

Miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndiyo imene fumbi limaculuka, ndipo ndi miyezi yomweyo imene malole amatuta zokolola, zigayo zimagaya osapuma, ndipo mathirakita amakonzedwa kuyembekeza mvula yoyamba. Mwini makina amene ali ndi geji aiyang'ane m'mawa muli monse poona oilo ndi madzi, ndipo asatsegule cigubu pamene geji siinamuuze. Amene alibe geji afunse makanika za kuiika, ndipo pakali pano atsate buku la makina ake. Amene sakumbukira caka cimene sefa yake inaikidwa agule yatsopano nyengo ya nchito isanayambe, ndi kulemba tsikulo pa cigubu.